Mabuleki ndi atsopano, nanga njinga sinaime bwanji?

FUNSO: Amisiri, ndimachita kabaza wa njinga yamoto pakati pa Lizulu ndi Ntcheu boma. Sabata yatha ndinasinthitsa mabuleki akumbuyo. Loweruka mbuzi inatulukira mwadzidzidzi mu msewu wa M1 ndili pa liwiro la makilomita 70 pa ola, kasitomala ali kumbuyo. Ndinaponda buleki mpaka pansi, tayala linalira, koma njinga inangokhwekhwereza mpaka kukaigunda. Mwamwayi tinangosupuka. Kodi makaniko uja anandiikira zafeki? Ndine wa kabaza, ku Lizulu.

YANKHO: Pepani ndi ngoziyo achimwene. Koma makaniko musiyeni kaye. Mwanena nokha kuti tayala linalira n'kukhwekhwereza, ndipo buleki yosagwira singamange tayala choncho. Inagwira ndithu. Inakulakwirani ndi 70 ija, komanso phazi lanulo.

Njinga siyamba kuima pomwe diso laona mbuzi. Kuti uone, mutu uzindikire, phazi lifike pa buleki, pamadutsa pafupifupi sekondi imodzi, ndipo munthu wotopa kapena amene akucheza ndi kasitomala amachedwa kuposa apo. Pa 70 njinga imadya mamita 19 pa sekondi. Ndiye kuti mamita 19 amenewo munawadutsa buleki isanakhudzidwe n'komwe.

Tsono apa ndi pomwe anyamata ambiri pa siteji amanditsutsa. Ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira buleki itagwira suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Pa tara wouma, matayala ali bwino, mabuleki onse awiri akugwira, njinga yomwe ili pa 35 imaima mkati mwa mamita 7. Pa 70 imafuna mamita pafupifupi 27. Tikaphatikiza ndi sekondi yoganiza ija, wa pa 35 waima pa mamita 17, wa pa 70 akufuna mamita 46, pafupifupi theka la bwalo la mpira. Mbuzi yanuyo tinene kuti inali mamita 20 kutsogolo. Mukanakhala pa 35 mukanaima n'kuitukwana ikudutsa. Pa 70 munaifika buleki itangoyamba kumene ntchito.

Ndipo masamu amenewa ndi a tsiku labwino. Ikani kasitomala ndi thumba la kachewere wa ku Tsangano, mabuleki ang'onoang'ono a dramu ajawa (dramu ndi chitsulo chozungulira pakati pa tayala chomwe mabuleki amaluma) amalemedwa. Kukagwa kamvula, kapena nkhungu ya mu June ikanyowetsa tara cha ku Dedza, tayala limaterera ndipo mtunda ukhoza kutalika kawiri. Nkhunguyo imakubisiranso chomwe chili kutsogolo mpaka utachiyandikira.

Za phazi lanu: m'kalata yonse simunatchule buleki yakutsogolo, yogwira ndi dzanja. Ndikudziwa mantha ake, akuti ukagwira yakutsogolo njinga ikuponya. Imaponya amene waikoka mwankhanza kamodzin'kamodzi. Njinga ikamaima, kulemera konse kumakankhikira ku tayala lakutsogolo, lakumbuyo limapepuka, n'chifukwa chake limafulumira kumangika n'kuyamba kutsetsereka. Mphamvu yambiri yoimitsira njinga ili kutsogolo. Finyani chogwiriracho pang'ono poyamba, kenako muzionjeza, phazi likuthandizira mopepuka. Kayeserereni pa malo opanda anthu muli pa 20 kapena 30, mpaka dzanja lizolowere. Pa fumbi ndi pa miyala, kapena muli pakati pa kona, yakutsogoloyo igwireni mofatsa kwambiri.

Poti njinga inagwa, musanabwerere pa siteji onani ngati mafoko, zitsulo ziwiri zogwira tayala lakutsogolo, sanapindike, keburo ya buleki sinayambe kuduka, ndiponso ngati matayala akadali ndi mizere. Tayala lopalika ngati dazi silimva buleki iliyonse, ngakhale yodula. Helemeti ngati inamenyetseka pansi, igulidwe ina. Kugunda chinthu uli pa 50 n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10.

FUNSO: Ndikamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, ndikafika chapakati mabuleki amafewa n'kuyamba kununkha. Vuto n'chiyani? Ndine wa ku Masasa.

YANKHO: Akupsa, bambo. Mukawapondereza osalekeza pa mtsetse wautali choncho, dramu imatentha ndipo mabuleki amasiya kuluma. Ena amazimitsa injini kapena kuika pa nyutulo kuti apulumutse mafuta, zomwe zimasiya katundu yense m'manja mwa mabulekiwo. Tsikani pa giya 2, injini izikugwirirani njinga, mabuleki muzigwira n'kusiya. Mukamva fungo, imani pambali azizire, osawathira madzi.