Mayeso a Magiredi a Nyimbo ku Britain: ABRSM, Trinity Kapena Rockschool?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku Manchester. Iwo analemba kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 10 wakhala akuphunzira piyano kwa chaka chimodzi, ndipo aphunzitsi ake akufuna kumulembetsa mayeso a ABRSM. Mchimwene wake wa zaka 14, amene amaimba gitala ndi ng'oma kutchalitchi koma sadziwa kuwerenga manotsi, wamva kwa anzake za Trinity ndi Rockschool. Mayiwa akufunsa kusiyana kwa mayesowa, komanso ngati ndi bwino kuti ana onse awiri ayesedwe ndi bungwe limodzi.

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Yankho langa ndi lakuti musawakakamize kuyenda njira imodzi, chifukwa makwerero a magiredi ndi ofanana koma zimene woyesa amafuna kumva kwa mwana ndi zosiyana. Mabungwe onsewa ali ndi magiredi 1 mpaka 8, kuphatikizapo gawo la oyamba kumene, ndipo amavomerezedwa ndi Ofqual, bungwe loyang'anira mayeso ku England. Magiredi 6, 7 ndi 8 amapatsa mwana mapointi a UCAS (bungwe limene ophunzira amadzera pofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain) amene mayunivesite ena amawerengera pomulandira, kaya satifiketiyo yachokera ku bungwe liti mwa amenewa.

ABRSM inakhazikitsidwa ku London mu 1889 ndi masukulu awiri a nyimbo, Royal Academy of Music ndi Royal College of Music, ndipo ndiyo imene aphunzitsi ambiri a piyano ndi vayolini anaizolowera. Pa mayeso ake okumana maso ndi maso ndi woyesa, mwana amaimba nyimbo zitatu zimene wakonzekera, iliyonse ya malikisi 30. Kenako amaimba masikelo (manotsi otsatizana mokwera ndi motsika) a malikisi 21, n'kupatsidwa kanyimbo kamene sanakaonepo kuti akayang'ane kwa theka la mphindi asanakaimbe, ndipo akonso ndi ka malikisi 21. Gawo lotsiriza, la malikisi 18, limayesa khutu: woyesa amaimba piyano, mwana n'kuomba m'manja motsatira kugunda kwa nyimboyo, kubwereza ndi mawu ake zimene wamva, kapena kunena pamene pasintha. Malikisi onse ndi 150. Wopeza 100 wakhoza, wopeza 120 amalandira merit, ndipo wofika 130 amalandira distinction.

Pali lamulo limodzi la ABRSM limene limadzidzimutsa makolo ambiri, ndipo ndi bwino mulidziwiretu mwana akadali wamng'ono. Pa mayeso okumana maso ndi maso amene ndafotokozawa, munthu saloledwa kuyesedwa giredi 6 asanakhoze giredi 5 ya theory, imene ndi mayeso olemba a malamulo a nyimbo, kapena mayeso ena ochepa amene bungweli limavomereza m'malo mwake. Ndaonapo ana aluso ataima chaka chathunthu chifukwa chakuti theory anaiyamba mochedwa, choncho mwana wanu wamkazi aziiphunzira pang'onopang'ono kuyambira panopa.

Trinity College London, imene yakhala ikuyesa nyimbo kuyambira mu 1877, ilibe lamulo limenelo. Malikisi ake ndi 100: kukhoza kumayambira pa 60, merit pa 75, distinction pa 87. Chimene ine ndimachiyamikira kwambiri ndi ufulu umene imapereka mpaka giredi 5, pamene mwana amasankha ziwiri mwa zinayi izi: kuwerenga manotsi osakonzekera, mayeso a khutu, kupeka nyimbo nthawi yomweyo potsatira zimene woyesa wamupatsa, ndi kuyankha mafunso okhudza nyimbo zimene waimba. Amaloledwanso kuimba nyimbo yopeka yekha m'malo mwa imodzi mwa zitatuzo. Ana okulira m'makwaya athu, amene amagwira nyimbo akangoimva kawiri ndipo amadziwa kupeza mawu achiwiri popanda wowauza, amapeza pamenepa malo oonetsera luso limene ali nalo kale.

Komabe, kwa mnyamata wanu ndikuona kuti zoyenera ndi mayeso a nyimbo zamakono. Rockschool inayamba mu 1991, ndipo Trinity nayo ili ndi mayeso otchedwa Rock & Pop. M'mayeso awa woimba gitala, besi, ng'oma kapena kiyibodi amaimba motsatana ndi gulu lojambulidwa kale, monga mmene amachitira Lamlungu ndi anzake, ndipo woyesa amamvetsera ngati akuyendera limodzi ndi gululo osathamanga kapena kutsalira. Mabuku a gitala amalembedwanso mu tab, kalembedwe kosonyeza chingwe ndi malo oika chala, kamene n'kosavuta kwa munthu amene sanazolowere manotsi. Musaganize kuti mayesowa ndi opepuka, pakuti giredi 8 ya ng'oma imafuna zaka zambiri za khama monga ya piyano.

London College of Music, imene ili pansi pa University of West London, nayo imayesa magiredi, ndipo achibale amene ali ku South Africa angathe kuyesedwa kudzera ku yunivesite ya Unisa (University of South Africa).

Kuyambira mu 2020, nthawi ya Covid-19, kunabweranso mayeso ojambula pavidiyo. Pa Performance Grades za ABRSM mwana amaimba nyimbo zinayi motsatizana osazimitsa kamera, ndipo mulibe masikelo, mayeso a khutu kapena kuwerenga manotsi osakonzekera. Njirayi ndi yothandiza kwa mwana wamantha kapena wokhala kutali ndi malo oyesera, koma ndikuchenjezeni kuti mwana amene amangodzera njira imeneyi chaka ndi chaka akhoza kufika giredi 5 asakutha kuwerenga nyimbo yachilendo payekha. Mukaisankha, pemphani aphunzitsi kuti masikelo ndi manotsi zisasowe m'phunziro lililonse.

Mwana wamkazi atsatire aphunzitsi ake pa ABRSM, popeza iwo amadziwa bwino silabasi yake. Mnyamata mumupezere mphunzitsi wa gitala kapena ng'oma kuti amumvetsere kaye n'kuona giredi imene ikumuyenera, chifukwa palibe lamulo lomukakamiza kuyambira pa giredi 1, ndipo munthu amene waimba kutchalitchi zaka zingapo kawirikawiri amakhala atapitirira kale pamenepo.