Funsani Akatswiri: Kodi Anamondwe Akuchulukadi?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo pafupifupi onse akufunsa za anamondwe. Tasankhapo asanu ndi imodzi.

Pasukulu pathu aphunzitsife timatsutsana. Ena akuti anamondwe achuluka chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Ena akuti analipo kuyambira kale, kungoti masiku ano timawamva pa wailesi ndi pa foni. Akunena zoona ndani?
*Mphunzitsi, Ulongué*

Aphunzitsi, aliyense wagwirako pake. Mkanganowu suchedwa kutentha chifukwa anthu amaika mafunso atatu m'thumba limodzi: kuchuluka kwa anamondwe, mphamvu ya mphepo yawo, ndi mvula imene amagwetsa. Mayankho ake ndi osiyana.

Pa chiwerengero, anzanu okayikawo sakulakwa. Padziko lonse pamabadwa anamondwe opatsidwa mayina pakati pa 80 ndi 90 chaka chilichonse. Kumbali yathu ya nyanja ya Indian amakhala pafupifupi 10 pa nyengo imodzi, kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la bungwe la United Nations, likuyembekezera kuti chiwerengerochi chikhala chomwecho kapena kutsika. Kale analipodi: Domoina mu 1984, Nadia amene anaphwasula Nacala mu 1994, Eline mu 2000, Favio ku Vilankulo mu 2007. Kuyerekeza ndi zaka zam'mbuyo kumavutanso chifukwa nyanja yathuyi inayamba kuyang'aniridwa bwino ndi setilaiti usana ndi usiku cha mu 1998. Namondwe wobadwira ndi kufera pakati pa nyanja m'zaka za m'ma 1950 ankatha kudutsa osalembedwa ndi aliyense.

Pa mphamvu, mlandu umayamba kupendekera kwa anzanu enawo. Lipoti lomwelo likuti mwa anamondwe onse, gawo la aja oopsa kwambiri likuoneka kuti lakula m'zaka 40 zapitazi. Chakudya cha namondwe ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja, ndipo madziwo akutentha.

Pa mvula ndiye mkangano ndi wochepa. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti. Dziko latentha kale ndi madigiri opitirira 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Ndiye kuti namondwe wa lero, ngakhale akhale wofanana ndi wa makolo athu pa mphepo, amabwera atasenza madzi ochulukirapo. Akatswiri a gulu lofufuza zanyengo la World Weather Attribution atafufuza za anamondwe Ana ndi Batsirai mu 2022, anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya anamondwewo.

Kwa ife a ku Tete funso lachitatuli ndiye la moyo ndi imfa. Tikadakhala pamkanganowo tikadati musiye kuwerenga mayina a anamondwe, muyambe kuwerenga mamilimita a mvula.

Nyanja ili kutali kwambiri ndi ife. Nanga namondwe amafika bwanji kuno mpaka kugwetsa mlatho?
*Mayi wochita malonda, Moatize*

Mayi, namondwe amabadwira panyanja pomwe madzi atentha kufika madigiri 26 kapena 27, osati pamwamba pokha koma mpaka mamita 50 kunsi. Nthunzi imakwera, imazizira n'kusanduka mitambo, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kumene kumakoka mpweya wina wonyowa kuchokera m'mbali. Kuzungulira kwa dziko kumapota mpweyawo. Kuno kummwera umazungulira ngati mivi ya wotchi. Mphepo ikafika makilomita 63 pa ola amamupatsa dzina. Ikafika 118 ndiye amatchedwa namondwe weniweni. Amene ku America amamutcha hurricane ndi ku Japan typhoon ndi yemweyu, kusiyana n'kwa nyanja basi.

Akangokwera pamtunda amasowa chakudya chake chija, ndipo mphepo imafooka m'tsiku limodzi kapena awiri. Mzinda wa Tete uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera kunyanja, choncho mphepo imafika itatopa. Chimene sichitopa ndi madzi. Mitambo imayendabe ndi katundu wake, ikagunda mapiri a Angónia ndi Tsangano imakakamizika kukwera, n'kukhuthula zonse.

Taonani namondwe Ana. Anafika pamtunda ku Angoche, m'chigawo cha Nampula, pa 24 Januwale 2022, ndipo mphepo yake sinafike n'komwe pa muyezo wa namondwe weniweni. Koma mtsinje wa Revúbuè unadzaza mpaka kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, anamwalira galimoto yawo itakokoloka. Ku Malawi madzi omwewo anaononga damu la magetsi la Kapichira. Mu Malichi 2019 zinalinso chimodzimodzi: Revúbuè anasefukira m'madera a Chingodzi ndi Matundo sabata imodzi namondwe Idai asanafike ku Beira, nthawi imene anali asanakhwime.

Chinsinsi chili pa kutsetsereka. Revúbuè amachokera kumapiri aatali mamita oposa 1,000 n'kutsikira ku Zambezi, komwe mzinda uli pansi pa mamita 200. Mvula ikhoza kugwa usiku wonse kumtunda, inu ku Moatize kuli nyenyezi, madzi n'kukupezani mbandakucha. Musamayese ngozi poyang'ana kumwamba kwanu kokha. Ndipo madzi othamanga ofika masentimita 15 okha, pamwamba pang'ono pa akakolo, amagwetsa munthu wamkulu; a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono; a 60 amakokolola ngakhale yaikulu. Choopsa china n'chakuti pansi pa madzi amatope simungaone ngati msewu udakalipo.

Amfumu athu akuti kudula mitengo ndi kuotcha makala ndiko kukuitana anamondwe. N'zoona?
*Mnyamata, Furancungo*

Achimwene, amfumu akuloza chinthu choona koma ndi chala cholakwika. Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian, n'kukhala masiku 36, zimene bungwe la zanyengo la WMO linatsimikiza kuti palibe namondwe wina anakhalitsa chotero. Mtengo wa ku Macanga sukanamuitana kapena kumubweza. Mpweya wotenthetsa dziko wambiri umachokera ku malasha, mafuta ndi gasi zimene zimayatsidwa m'mayiko a mafakitale, ngakhale kutha kwa nkhalango padziko lonse kumawonjezerako.

Pamene amfumu akulondola ndi pa zimene zimachitika mvula ikagwa. Mamilimita 100 pa hekitala imodzi ndi malita 1,000,000 a madzi. Paphiri la mitengo ndi udzu, masamba amachepetsa ukali wa madontho, mizu imatsegula njira zolowera pansi, ndipo madzi amafika kumtsinje pang'onopang'ono. Paphiri lometedwa onsewo amatsika nthawi imodzi, atanyamula dothi, mchenga ndi miyala. Mchengawo umakwirira mtsinje, mtsinje n'kuchepa kuya, ndiye chaka chotsatira umasefukira ndi mvula yocheperapo. Choncho malangizo awo atsateni: mizere idutse mopingasa phiri, pa akalozera mubzale vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndipo gombe la mtsinje musalilime, musiye bango ndi nsungwi zigwire dothi.

Ndimamanga nyumba za zidina ndi za njerwa zootcha. Nyumba zambiri zimagwa mvula ikagwa masiku atatu osaleka, zina denga limauluka. Ndisinthe chiyani?
*Mmisiri, Domué*

Bambo, kuno nyumba zambiri zimafera kumapazi, osati kumutu. Chidina chimapirira mvula ya ola limodzi chifukwa chimauma dzuwa likatuluka. Mvula ya namondwe imagwa masiku atatu kapena anayi, imabwera chopendekera ndi mphepo, madzi n'kuima m'munsi mwa khoma. Mizere iwiri kapena itatu yapansi imafewa ngati phala, kulemera kwa khoma n'kuiphwanya, ndipo nthawi zambiri zimachitika usiku anthu ali m'tulo.

Yambani ndi malo. Madzi saiwala khwawa: pamene anadutsa mu 2019 kapena 2022 adzadutsanso, ngakhale papite zaka khumi pali pouma. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zootcha, ndipo akwere masentimita 30 kapena kuposa pamwamba pa nthaka musanaike chidina choyamba. Pakati pa maziko ndi khoma yalani pulasitiki wakuda wokhuthala kuti chinyezi chisakwere. Dothi lozungulira nyumba litsetserekere kunja, ndipo kumtunda kwake kumbani ngalande yopatutsa madzi. Ngati simenti ili yochepa, musaimwaze khoma lonse. Pulasitalani mita imodzi yapansi ndi mbali imene mvula imaombako.

Denga siliuluka chifukwa mphepo yalikankha. Imaliyamwa kuchokera pamwamba n'kulinyamula kuchokera pansi, kuyambira m'makona ndi m'mphepete. Choncho phaso lililonse limangidwe ndi waya wokhuthala wa mamilimita 4, woloŵa m'khoma masentimita 60 kutsika pansi. Waya wongokoleka pa mzere wapamwamba amanyamuka pamodzi ndi njerwa zake. Mitengo yokhomerapo malata isatalikirane kuposa masentimita 60. Misomali ikhale ya chipewa, yokhomedwa pamsana pa lata osati m'ngalande mwake. M'mphepete ndi pamwamba pa denga khomani msana uliwonse, pakati mukhoza kudumpha umodzi. Malata asatuluke kunja kwa khoma kuposa masentimita 45, ndipo denga la khonde likhale lapadera kuti likauluka lisatenge la nyumba. Denga la mbali zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri.

Za miyala yosanja pamalata zija, tikudziwa kuti misomali yakwera mtengo. Koma lata likangopindika mwalawo umagwera mkati momwe mwagona ana.

Mukuti mvula ikuchuluka. Nanga chimanga chathu chinapseranji mu 2024?
*Mlimi, Chifunde*

Bambo, chilala chimenecho chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno kummwera kwa Africa, monga zinalili mu 2015/16. Sitinati mvula ya chaka chonse ikuchuluka. Tikuti ikagwa ikugwa yambiri nthawi imodzi. Mpweya wotentha womwe umasenza madzi ambiri uja ndi womwenso umayamwa msanga chinyezi m'munda mvula ikadula. Chaka chimodzi chikhoza kukupatsani ng'amba mu Febuluwale ndi chigumula mu Malichi. N'chifukwa chake mizere yotseka ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi zimathandiza mbali zonse ziwiri.

Ndili m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Timadikira uthenga wa INAM, bungwe la boma la zanyengo, ndi INGD, loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pa wailesi, koma nthawi zina umafika madzi atafika kale. Tingadziyezere tokha mvula?
*Mayi, Tsangano*

Mungathe, Mayi, ndipo ntchitoyi ndi yofunika kuposa momwe imaonekera. Pa kafukufuku wa Ana uja, mwa malo 23 oyezera nyengo a m'dera lokhudzidwa ku Mozambique, anayi okha ndi amene anali ndi kaundula wokwanira bwino kuyambira 1981. Ichi ndicho chinalepheretsa akatswiriwo kutchula kuti mvula inawonjezeka ndi peresenti zingati.

Pezani chitini chozungulira chowongoka, chofanana kukula pakamwa ndi pansi, cha pansi pathyathyathya, chotalika masentimita 20 kapena kuposa. Ndowa siyenera chifukwa ndi yotakata kukamwa, imanamiza. Chimangirireni chilili pamtengo wozikika, pakamwa pakhale mita imodzi kuchokera pansi ndipo papitirire nsonga ya mtengowo. Chitalikirane ndi nyumba kapena mtengo wamasamba kawiri kutalika kwa chinthucho. M'mawa uliwonse pa ola lomwelo viikani rula, lembani mamilimita ndi tsiku m'kope, tayani madziwo. Onetsetsani ngati rulayo ili ndi kampata ziro asanayambe. Kaduleni kapena muziwonjezera. Tsiku lopanda mvula lembani 0, musasiye pabulanki. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Mukaona mamilimita 50 m'tsiku limodzi nthaka ili yokhuta kale, khalani tcheru. Akayandikira 100, kapena mvula yamphamvu ikapitirira tsiku lachiwiri, musadikire m'mawa: yezani maola atatu aliwonse, imbirani makomiti a kumunsi kwa mtsinje ndi ofesi ya boma. Pagombe zikani mtengo wolimba pamalo ooneka muli patali, muupake utoto masentimita 50 aliwonse, ndipo mugwirizane mvula isanayambe kuti madzi akafika pa chizindikiro chiti anthu a kudambo asamuke. Mbewu, ziphaso ndi mankhwala zikhale kale m'matumba a pulasitiki, ndipo kusamukako kuchitike kudakali kowala, nkhalamba, amayi oyembekezera ndi ana patsogolo.