Zithunzi zanga zangodzaza pansi pa bedi

Funso: Ndimajambula papepala ndi utoto wosungunula ndi madzi, makamaka asodzi ndi ngalawa zawo. Ndili nazo zithunzi zoposa 30 pansi pa bedi, zina zayamba nkhungu. Ogula sindikuwaona. Nditani? — Mnyamata wa ku Monkey Bay

Yankho: Achimwene, zichotseni pansi pa bedipo lero lomwe. Pepala limayamwa chinyontho ngati mchere, ndipo nkhungu ikalowa banga lake silichoka. Ine dzinja lina ndinataya zithunzi 9 chifukwa chomwechi, mpaka pano mtima umandiwawa. Zigonekeni m'katoni pamalo okwera ndi ouma, pepala loyera pakati pa chithunzi ndi chinzake. Padzuwa ayi, utoto wotere suchedwa kusuluka. Mukaika m'felemu, chithunzi chisagunde galasi.

Tsono za msika. Musanyamule zonse. Sankhani zisanu zimene inuyo mukanagula, mulembe dzina lanu ndi chaka pakona. Ku Cape Maclear ndi pafupi. Pitani m'malo ogona alendo mukapemphe khoma lopachikapo zithunzi, koma mugwirizane polemba za gawo la eni malo chithunzi chikagulidwa. Alendo amakonda zing'onozing'ono zolowa m'chikwama. Mukadzafika ku Blantyre, lowani ku La Caverna, malo oonetsera ndi kugulitsa zithunzi ku Mandala House, mukaone mmene anzanu amakonzera ntchito yawo.

Pa Facebook ndi WhatsApp, jambulani ndi foni pamthunzi m'mawa, mtengo muulembe poyera. Zomauza anthu kuti “tilankhulane kumbali” zija zimathawitsa ogula.