Za API ya banki m'khonde ija, key imodzi mu app ayi

Achimwene ndaliona funso lanu, lija mukuti backend ya app ya banki m'khonde ya amayi a ku Chinamwali ili pambalambanda, aliyense wodziwa URL akutha kuona mayina ndi ngongole za mamembala, ndiye mukufuna kungoika API key imodzi (mawu achinsinsi amodzi omwe app iliyonse izionetsa kwa server) mkati mwa app kuti zithe msanga. Chonde imeneyo musapange. Chilichonse chomwe chili mu APK, fayilo ya app ya Android ija, sichinsinsi, munthu amangoitsegula ndi pulogalamu ya jadx n'kuwerenga key yo bwinobwino, ndipo ikangodziwika ndiye kuti gulu lonse lili poyera, kuti muisinthe mpaka mayi aliyense apange update, ena mwa iwo bandulo amagula mwa apo ndi apo. Pitani ndi bearer token, membala aliyense yakeyake.

Kayendedwe kake sikovuta. Munthu amalowa ndi nambala ya foni ndi password, server ikakhutira imamupatsa token, chomwe ndi chizindikiro chachinsinsi chosonyeza kuti walowa, kuyambira pamenepo app ikamapempha chilichonse imatumiza header ya Authorization yolembedwa Bearer, mpata, kenako token ija. Za katumizidwe ka token kameneka zinalembedwa mu chikalata cha RFC 6750 cha 2012, sichachitali, muchiwerenge. Koma chomwe ndikufuna chikulowenidi ndi chakuti server siyifunsanso kuti wabwera ndi ndani, imangoyang'ana token basi. Ili ngati kadi ya mayunitsi yopalapala kale, amene waitola ndi amene amalowetsa. Ndiye nkhawa yanu ikhale yoti token isagwere m'manja mwa wina, ndipo ikagwera muthe kuipha pompopompo.

N'chifukwa chake poti mwati mukugwiritsa ntchito Laravel ine ndikuti tengani Sanctum, package ya Laravel yopereka ma token, JWT (mtundu wina wa token womwe umanyamula uthenga mkati mwake) muisiye kaye. Ndikudziwa ma tutorial ambiri pa YouTube amathamangira JWT ndipo siyoipa, koma JWT ikatuluka imagwirabe ntchito mpaka nthawi yake yothera (exp) itakwana, kuti muiphe pakati panjira mukuyenera kumanganso mndandanda wa ma token oletsedwa, ntchito ina imeneyo. Komanso anthu ambiri amaganiza kuti zomwe zili mkati mwake ndi zobisika pomwe ayi, ndi base64url chabe, kalembedwe komwe aliyense atha kukamasula, mukaimata pa jwt.io zonse zimaoneka, siginecha imangoletsa kusintha osati kuwerenga. Sanctum imasunga ma token mu table ya personal_access_tokens, ndipo imasunga hash ya SHA-256, ngati chidindo cha token chosatheka kubweza, osati token yeniyeniyo. Mayi wina akaimba kuti foni yabedwa mu msika wa Zomba, inu mumangofufuta ma token ake ndi tokens()->delete() wakubayo app imamutulutsa nthawi yomweyo. Kwa gulu losunga ndalama za anthu chimenechi ndi chachikulu kwambiri.

Pali kamsampha kamodzi, mu config/sanctum.php expiration imabwera ili null, kutanthauza kuti token siyitha mpaka kalekale. Ikanipo nambala, imawerenga maminitsi, 10080 ndi sabata imodzi. Ine ndingayambire pamenepo chifukwa mukafupikitsa kwambiri amayi azingolemba password tsiku lililonse, mapeto ake ailemba kuseri kwa buku la gulu.

HTTPS sinkhani yokambirana. Popanda iyo token imayenda maliseche pa WiFi iliyonse. Certificate ya HTTPS ya Let's Encrypt ndi yaulere, pulogalamu ya certbot imaika komanso imapanga renew yokha. Ndipo token isalowe mu URL ngati ?token= chifukwa imatsalira mu ma log a nginx.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo, chifukwa ambiri akaika auth:sanctum pa ma route amaona ngati amaliza. Middleware imeneyo, yomwe ili ngati mlonda wa pa route, imangotsimikiza kuti munthuyu analowa, siyiona ngati chomwe akupemphacho ndi chake. Tayesani nokha mu Postman, pulogalamu yoyesera API ija, pangani mamembala awiri oyeserera, lowani ndi woyamba, tengani token yake, pemphani /api/loans/15 yomwe ndi ngongole yake, ikabwera sinthani 15 kukhala 16. Ngati yabwera ngongole ya mnzake uja ndiye kuti chitseko chikadali chotsegula, kungoti pano otsegulawo ndi mamembala okhaokha, ndipo inu mukudziwa mmene nkhani yoti uje ali ndi ngongole yakuti imayendera mu lokeshoni, gulu limatha kupasuka ndi zimenezi. Lembani Policy, lamulo la chilolezo mu Laravel, yoona kuti user_id ya ngongoleyo ikufanana ndi ya mwini token, kapena funsani database kudzera mwa munthuyo, request()->user()->loans() osati Loan::find. Msungichuma yekha ndi amene aone za onse komanso kulemba zobweza, ndipo udindo umenewo server iziutenga mu database, isamakhulupirire app ikatumiza kuti role ndi admin. Kubisa batani mu app yanu ya Flutter sichitetezo, munthu wa Postman batani saliona n'komwe.

Mayankho akhalenso olongosoka, 401 ngati token palibe kapena yatha, 403 ngati token ndiyabwino koma chinthucho sichake. App ikalandira 401 ifufute token n'kubwerera pa login, ikalandira 403 ingonena kuti simukuloledwa. Muzitumizanso Accept: application/json, kupanda apo Laravel imayesa kukutumizani ku tsamba la login m'malo mopereka 401 ndiye mumangozunguzika.

Mu foni token muisunge ndi flutter_secure_storage yomwe imadalira Android Keystore, osati shared_preferences. Pa route ya login ikani throttle:5,1 (kuyesa kasanu kokha pa miniti) kuti wina asamangoyesa ma password usiku wonse. APP_DEBUG ikhale false pa server, fayilo ya .env yosunga zinsinsi za server isapite pa GitHub olo repo ikhale private. Komanso screenshot ya Postman yomwe mwaponya muno ija token ikuoneka yonse pa header, ngati ndi ya server yeniyeni ipheni lero lomwe, ndipo ulendo wina muziphimba kaye musanatumize.

Musaiwale kuti dziko lino pano lili ndi Data Protection Act ya 2024 ndipo MACRA ndi yomwe ikuyang'anira, mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu ndi zinthu zomwe lamuloli likukhudza, olo app yo ikhale ya project ya ku Chanco.

Mukamaliza ma test a 15 ndi 16 aja tumizani routes/api.php ndi controller ya ngongole, mutachotsa zachinsinsi zonse, tione limodzi ngati pali route yomwe yatsalira kunja kwa middleware. Kawirikawiri imakhala ya export kapena ya zithunzi za ma risiti.