Musanalote za nyama ya elk, yang'anani kaye viza yanu

Pa chikondwerero cha 6 July chaka chino ndinabwera ndi mphika wa nyama yowamba ya elk, chinyama chachikulu cha kuthengo cha kuno ku America, yophikira tomato ndi anyezi basi. Siinachedwe kutha. Mnyamata wina amene wangotha miyezi inayi kuno ku Colorado, akunyambita zala, anandikokera pambali. "Achimwene, October akubwerayu musandisiye. Agogo anga ku Kasungu anali mlenje woopsa, magazi ake ali mwa ine." Ndinamufunsa kuti ali ndi viza yanji. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za maliro pa ukwati.

Koma funso loyamba ndi lomwelo, ndipo anzanu obadwira konkuno sangakuuzeni chifukwa iwo siliwakhudza. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu amene alibe mapepala okhalira m'dziko muno, kaya analowa mozemba kaya viza inamuthera ali konkuno, kugwira mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi. Zilibe kanthu kuti mfutiyo ndi yobwereka, zilibe kanthu kuti muli kuthengo kopanda munthu. Amene ali ndi green card amaloledwa. Amene muli pa viza ya kanthawi, ya sukulu ngati F-1 kapena ya ntchito ngati H-1B, lamulo limayamba ndi kukuletsani, kenako limatsegula kakhomo kakang'ono: mukakhala ndi laisensi yosakira nyama yoperekedwa ndi boma la state, yomwe sinathe ntchito, mukhoza kugwira mfuti. Mawu akuti "sinathe ntchito" muwamvetse bwino. Laisensi ya pachaka ya kuno imatha pa 31 March. Ikatha inu osagula ina, mfuti ili phee kuseri kwa zovala, mwapalamula kale mlandu muli mtulo. Ndipo mlandu wa mfuti kwa mlendo suthera pa chindapusa ayi, umatha kukukwezani ndege yobwerera ku Lilongwe. Ngati nkhani yanu ya mapepala ili pakatikati, mwina mukudikira yankho la asylum kapena mukusintha viza, lipirani loya wa za olowa m'dziko ola limodzi musanakhudze chilichonse. Safunsa anadya phula.

Pogula mfuti mumadzaza fomu yotchedwa 4473. Imafunsa dziko lomwe ndinu nzika yake, imafunsanso ngati mumasuta chamba. Apa anyamata ambiri amapusitsika. Chamba chinavomerezedwa ku Colorado pa voti ya 2012, masitolo ake ali mbwee mu Denver, koma boma lalikulu silinachivomereze, ndipo kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu waukulu. Choopsa kwambiri ndi kuchonga kuti ndinu nzika ya America musanakhale nzika. Bodza limenelo limatha kukutsekerani khomo la mapepala mpaka kalekale. Mukagula, apolisi ofufuza a boma la Colorado, a CBI, amafufuza mbiri yanu, ndipo kuyambira mu October 2023 mumadikira masiku atatu musanaitenge. Ngakhale mukugula kwa mnzanu wa kuntchito, kafukufukuyu amafunikabe. Zopatsirana pa malo oimika magalimoto ngati mukugulitsana foni, ayi.

Tsopano nyamayo. Amene simunaione, ganizirani za ngoma yonenepa, yaikulu kuposa ngoma koma yosafika pa ntchefu yamphongo. Mphongo imalemera makilogalamu pafupifupi 320, yaikazi cha m'ma 225. Nyanga zili ndi mphongo zokha, zanthambi ngati mtengo wouma, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso. Mu September, nyengo yokwerana, mphongo zimalira mluzu wautali wothera m'kubuula, woti mukaumva koyamba m'bandakucha tsitsi limaima. Colorado ali ndi elk zambiri kuposa state ina iliyonse, pafupifupi 280,000. Sizinali choncho kale. Cha m'ma 1910 zinatsala zosaposa 1,000 chifukwa cha alenje ogulitsa nyama, mpaka boma linachita kukatenga zina ku Wyoming kudzabwezeretsa. Mukamva mbiri imeneyi mumamvetsa chifukwa chake anthu akuno sachita nthabwala pa malamulo a ulenje. Ifenso tikudziwa mmene Majete anatsalira mbee asanayambe kubwezeretsamo nyama. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mlenje ndi amene amalipira kasamalidwe ka nyama: kuyambira 1937, pansi pa lamulo la Pittman-Robertson, mfuti zosakira ndi zipolopolo zimadulidwa msonkho, umene pano ndi 11 peresenti, wopita ku ntchito imeneyi, kuphatikiza ndalama za malaisensi.

Ofesi yoyang'anira zonsezi ndi Colorado Parks and Wildlife, aliyense amangoti CPW. Kawirikawiri sakugulitsani laisensi ngati mulibe khadi la maphunziro a ulenje, pokhapokha ngati munabadwa chaka cha 1949 chisanafike, ndipo sindikukhulupirira kuti alipo wotero akuwerenga pano. Maphunzirowa mukhoza kuyambira pa intaneti n'kukamalizira m'kalasi. Musawadelere. Ine ndinapita ndi mtima woti ndikudziwa kale, ndinakhala pambali pa ana a zaka 12, ndipo ana aja ankayankha mafunso ine ndili kukamwa yasa. Lembetsani mu January kapena February, chifukwa malo amadzaza tsiku lotsekera kulembetsa malaisensi likamayandikira.

Pali nkhani ina ya ndalama imene imakola obwera kumene. Mtengo wa laisensi ya elk kwa munthu wokhala mu Colorado sufika madola 100, pomwe wochokera kunja kwa state amalipira kuposa kakhumi. Kuti muwerengedwe wokhala muno muyenera kukhala mwatha miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana musanalembetse, ndipo mukhale ndi laisensi yoyendetsera galimoto kapena chitupa cha Colorado. Ngati mukadali ndi ya ku Indiana kapena Texas komwe munafikira, sinthani lero. Kunama kuti ndinu wokhala muno pofuna kupulumutsa madola ndi mlandu, ndipo amafufuza.

Chaka changa choyamba ndinamva za draw mu May, zonse zitatha. Draw ndi maere. Malo abwino ndi nyengo zabwino malaisensi ake ndi owerengeka, ndiye mumalembetsa kuyambira pa 1 March mpaka Lachiwiri loyamba la April, 8 koloko usiku, ndipo zotsatira zimatuluka kumapeto kwa May kapena kumayambiriro kwa June. Musanalembetse muyenera kugula kaye laisensi ina yokuyenerezani, ambiri timagula ya nyama zing'onozing'ono ngati akalulu, pamodzi ndi Habitat Stamp, chitupa cholipirira kasamalidwe ka malo okhala nyama. State yonse inagawidwa m'zigawo za manambala zotchedwa unit, ndipo ulenje uliwonse uli ndi kodi yake, ndiko kuti zilembo ndi manambala ouzindikiritsa. Mukaona kodi yoyamba ndi E ndiye elk, F ndi yaikazi, M ndi mphongo, kenako nambala ya unit, nyengo, ndipo R kumapeto ndi mfuti. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, mwalembetsa phiri lina kapena nyama ina. Muwerenge kawiri, kachitatu muwerengetse mayi a kunyumba.

Mumaloledwa kusankha malo anayi. Mukalephera pa chisankho choyamba amakupatsani preference point imodzi, ndipo mapointi amenewa amaunjikana chaka ndi chaka ngati ndalama za banki m'khonde. Amagwira ntchito pa chisankho choyamba chokha. Pali ma unit a kumpoto chakumadzulo, monga 2, 10 ndi 201, amene anthu amadikira zaka zoposa 20 kuti awapeze chifukwa cha mphongo za nyanga zikuluzikulu. Asiyireni eni ake. Inu ndi ine sitinabwere kudzakongoletsa khoma, nyanga sadyera nsima. Lembetsani yaikazi. M'madera ambiri imapezeka ndi mapointi ochepa kapena opanda n'komwe, nyama yake ndi yofewa, ndipo simuvutika ndi lamulo lowerenga nthambi za nyanga. M'ma unit ambiri mphongo yovomerezeka ndi ya nthambi zinayi pa nyanga imodzi, kapena yokhala ndi nthambi ya pamphumi yotalika mainchesi asanu. Kuwerenga zimenezo nyama ikuyenda m'mitengo, mtima ukugunda ngati ng'oma ya vimbuza, si ntchito ya munthu woyamba kumene. Mukalephera maere oyamba pamakhala achiwiri, ndipo mu August amagulitsa zotsala. Malamulowa amasinthasintha, choncho kabuku ka CPW ka malamulo osakira nyama zikuluzikulu, ka Big Game, ka chaka chimenecho ndiye kakhale mlangizi wanu, osati zimene mnzanu anachita zaka zisanu zapitazo. Nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023 itapha nyama zambiri kumbali ya Craig ndi Meeker, CPW inadula malaisensi kwambiri, ndipo amene anakonzekera potengera za chaka chapitacho anagwira njakata.

Ine chaka choyambacho ndinagula laisensi ya mphongo yongogula pa kauntala, yosadikira maere, ya nyengo yachiwiri ya mfuti kumapeto kwa October. Ndinafika m'nkhalango ya White River n'kupeza anthu ovala olenji ali yakaliyakali ngati tsiku la msika. Lamulo limati mlenje wa mfuti avale olenji wowala kapena pinki wowala, masikweya inchi 500 kumtunda kwa chiuno, kuphatikiza chipewa, kuti mnzake asamuyese nyama. Ndinayenda masiku asanu, ndinaona ndowe, ndinaona mapazi, elk sindinaione. Musachite nazo manyazi zimenezi, alenje ambiri amabwerera chimanjamanja chaka chilichonse. Nyengo ziliponso zina: September ndi wa uta ndi mivi, ndipo pakati pake pali masiku a mfuti zothira wonga kukamwa, zija agogo ankati gogodera. Ndinaseka nditamva kuti mfuti imene kwathu tinkaibisa kudenga kuno ili ndi nyengo yakeyake, anthu n'kumailimbirana pa maere.

Za malo samalani kwambiri. Kwathu thengo ndi la tonse, ukadutsa m'munda mwa munthu umangoti "zikomo kuno" n'kupitirira. Ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kumanga mpanda kapena kukhoma chikwangwani. Ndi udindo wanu kudziwa pamene malo a boma, a National Forest kapena a BLM (nthambi ina yoyang'anira malo a boma), athera. Ikani mapu oonetsa malire mu foni, muwatsitsiretu muli kunyumba chifukwa kuphiri netiweki kulibe. Ngakhale nyama imene mwailasa ikagwera m'malo a munthu, simulowa osapempha. Akakana, imbirani a CPW. Ndipo munthu wa khungu ngati lathu, mfuti ili paphewa, atapezeka kuseri kwa khola la mwini wake kukuda, ndisachite kukuuzani.

Phiri nalo lili ndi milandu yake. Denver ali pa mamita 1,609, ndipo elk mu October mumazipeza pamwamba pofanana ndi nsonga ya Sapitwa, mamita 3,000, nthawi zina kuposa. Mpweya ndi wochepa, mutu umawawa, mwendo umalemera. Pitani masiku awiri nyengo isanatsegulidwe kuti thupi lizolowere, imwani madzi ambiri, mowa muusiye kunyumba. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa ndi thukuta zimasanduka madzi oundana pathupi. Gulani za ubweya, ndipo nsapato muyambe kuzivala mu August. Ine ndinanyamuka ndi zatsopano za m'bokosi, tsiku lachitatu ndinkayenda ngati ndaponda minga ya nkhadze.

Ndinapha yanga yoyamba chaka chachitatu, yaikazi, ndili ndi mdala wina wa kuntchito amene wakhala akusaka kuyambira ali mwana. Inagwa pa 7 koloko m'mawa m'kachigwa, makilomita atatu kuchoka pa galimoto. Ndinkafuna kuvina. Mdala uja anangoti nditulutse cholembera. Choyamba ndi kusaina kachikalata ka pa laisensi, kukang'amba n'kukamangirira pa nyama. Posenda anandigwira dzanja nditatsala pang'ono kudula bere, chifukwa lamulo limafuna kuti chizindikiro choonetsa kuti ndi yaikazi kapena yamphongo chitsale cholumikizika ku mwendo umodzi mpaka mukafike kunyumba. Tinaidula miyendo inayi, minofu ya msana ndi ya m'kati, n'kuika m'matumba a nsalu kuti izizire. Kusiya nyama yodyeka kuthengo ndi mlandu, ndipo apa pokha lamulo la Colorado ndi mwambo wa kwathu zimagwirizana kwathunthu. Mdala uja anadabwa kuona ndikunyamulanso mtima, chiwindi ndi lilime. Nthumbwana ndinazisiya ndi chisoni, msana unali utakana. Mwendo umodzi wakumbuyo pamsana, chipale chofewa chikufika m'maondo, tinayenda maulendo atatu ndipo tinamaliza nyenyezi zitatuluka. Usiku umenewo ndinagona osavula nsapato.

Zinthu ziwiri za nyamayo mukafika nayo. Kuli matenda a ubongo otchedwa chronic wasting disease, amene anaonekera koyamba mu 1967 ku Fort Collins konkuno. CPW imayeza mitu, m'madera ena mokakamiza, ndipo alangizi a zaumoyo amati nyama yopezeka nawo isadyedwe. Ubongo ndi fupa la msana musaphike, ngakhale mumakonda bwanji msuzi wa mafupa. Chachiwiri, kugulitsa nyama ya kuthengo n'koletsedwa. Kugawira abale mukhoza, koma maganizo otsegula kanyenya pa WhatsApp muwataye. Gulani firiji yaikulu ija amati freezer musanapite, chifukwa makilogalamu 70 a nyama salowa mu kafiriji ka m'nyumba ya lendi.

Mnyamata wa ku Kasungu uja ndinamuuza kuti October uno apita nafe, koma mfuti sagwira. Woperekeza safunika laisensi. Avala olenji, anyamula chikwama, aphunzira kuyenda mphepo ikumuomba kumaso kuti fungo lake lisatsogole, ndipo nyama ikagwa mwendo wakumbuyo ndi wake kusenza. Kalasi ya ulenje walembetsa ya mu February, miyezi isanu ndi umodzi idzakhala itakwana, ndipo pa kalendala ya m'khitchini mwake ndinachita kuzunguliza ndekha Lachiwiri loyamba la April.