Ndasindikiza njira za siliva ndi pulinta ya inki, bwanji magetsi sakudutsa?

Wowerenga wina wanditumizira imelo, ndipo ndiifupikitsa. Anagula inki ya siliva, n'kuithira m'katiriji ya pulinta wamba, n'kusindikiza njira zamagetsi papulasitiki yoonekera mkati. Njirazo zinatuluka zonyezimira, koma multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, inaonetsa kuti magetsi sakudutsa. Ataziika mu uvuni zinayamba kudutsa magetsi, komabe LED, kababu kakang'ono, ikuyaka mozimirira, ndipo pamalo polumikizira siliva akusupuka akangolumikiza ndi kuchotsa kangapo. Funso lake ndi loti: "Kodi vuto ndi inki, pulinta, kapena ineyo?"

Zikomo kwambiri polemba. Mwina palibe chimene chawonongeka. Pulinta imangoyala siliva pamene mwaiuza. Kudutsa kwa magetsi kumabwera pambuyo pake, ndipo polumikizira ndi ntchito inanso imene siliva wosindikiza sangaigwire yekha.

M'botolo lanulo mulibe siliva wosungunuka, chifukwa siliva amasungunuka pa madigiri 962 Celsius. Muli timibulu ta siliva, kawirikawiri tosapitirira ma nanometer 50 (milimita imodzi ili ndi ma nanometer miliyoni imodzi), toyandama m'madzi kapena m'mankhwala ena. Kambulu kalikonse anakakuta ndi mankhwala monga PVP kuti tisagwirane m'botolo. Inki ikauma, timibuluto timakhala ngati maswiti okulungidwa m'timapepala: akhudzana inde, koma chimene chakhudzana ndi timapepalato. N'chifukwa chake njira yonyezimira bwinobwino ikhoza kukhala yosadutsa magetsi n'komwe.

Kuwotcha kumene munachita kuja ndi kumene amati sintering. Kutentha kumasuntha chokutiracho, ndipo maatomu a pamwamba pa timibulu timeneti, poti n'tating'ono kwambiri, amayenda mosavuta n'kumanga timakosi tolumikiza kambulu ndi kanzake. Inki zambiri zimafuna madigiri 120 mpaka 200 kwa mphindi 15 mpaka 60, koma tsatirani zimene opanga inki yanuyo analemba. Yambani mwaumitsa pa madigiri 60 kwa mphindi 10, chifukwa mukaponya njira yonyowa pamoto waukulu, nthunzi imatuluka mwaphuma n'kusiya ming'alu. Kenako kwezani kutentha, muziyeza mphindi 10 zilizonse. Resistance, kutanthauza kukana kwa njira kuti magetsi adutse, ikasiya kutsika, zimitsani. Kupitiriza kumangopinda pulasitiki. Apa mpamene anthu ambiri amagwa: pulasitiki wamba ya mtundu wa PET imayamba kufewa pa madigiri 70 mpaka 80, ndipo ngakhale yokonzedwa kuti izipirira moto sikonda kupitirira 150. Pulasitiki ya PEN imapirira kuposa pamenepo, ya polyimide imafika 300 osadandaula. Komanso nambala yolembedwa pachopotokola cha uvuni musaikhulupirire, ikani thermocouple, kachipangizo koyezera kutentha, pambali pa pulasitikiyo.

Onaninso ngati inki yanu si ya mtundu uja wosafuna moto. Mu 2013, Yoshihiro Kawahara wa pa yunivesite ya Tokyo ndi anzake anaonetsa kuti pulinta wamba ingasindikize njira zodutsa magetsi nthawi yomweyo. Chinsinsi chake chinali papepala: pamwamba pake pali muyalo womwa madzi a mu inki n'kuthandiza timibulu kugwirana. Inki yotere mukaiika papulasitiki yopanda muyalowo, zotsatira zake sizifanana.

Za LED yozimirira, masamu ndi amene akuyankha. Siliva weniweni ali ndi resistivity (muyeso wa mmene chitsulo chimakanira magetsi) ya 1.59 micro-ohm sentimita, koma wosindikiza amakhala ndi timipata mkati, choncho tinene kuti mwapeza 5, imene ndi yabwino ndithu. Njira yotalika masentimita 10, yotambalala theka la milimita, yokhuthala theka la micrometer (milimita imodzi ili ndi ma micrometer 1,000), ikupatsani resistance ya ma ohm 20. Njira yofanana nayo ya kopa wa ma micrometer 35 pabolodi wamba ya zamagetsi ili pafupi ndi 0.1 ohm. Ndiye panjira ya siliva, kupita ndi kubwerera ndi ma ohm 40, ndipo magetsi a ma milliampere 20 akamadutsa mwataya voteji ya 0.8 V m'njira momwemo. Ngati batire lanu ndi la 3 V ndipo LED ndi yoyera, imene payokha imafuna pafupifupi 3 V, siingawale bwino. Tambalitsani njira, ifupikitseni, kapena sindikizani kawiri kapena katatu, mukuumitsa pakati. Poyeza musabaye siliva ndi nsonga za multimeter, mumamuboola. Ngati mungathe, yezani ndi mawaya anayi: awiri olowetsa magetsi, awiri oyeza voteji, kuti resistance ya pokhudzira isalowe m'chiwerengero.

Mukayang'ana njira yanu pa microscope mwina muona kuti m'mbali ndi mokhuthala, pakati n'popyapyala. Dontho likamauma, m'mphepete mumauma msanga, madzi a pakati amathamangira kumeneko atanyamula timibulu. Robert Deegan ndi anzake a ku Chicago anafotokoza zimenezi mu 1997. Opanga inki amasakanizamo mankhwala ouma pang'onopang'ono monga ethylene glycol pofuna kuchepetsa vutoli. Kufunditsa pulasitiki posindikiza kumathandiza kuti inki isamwazike, koma mukapyoza muyeso kukhuthala kwa m'mbali kuja kumakula. Kadontho ka inki ka ma picoliter 10 (muyeso wa timadontho tating'ono kwambiri) kamakhala ma micrometer pafupifupi 27 m'lifupi kali m'malere, ndipo kakagwa kamatambasuka. Timadontho tikatalikirana njira imaduka, tikathithikana imatupa malo ena. Pukutani pulasitiki ndi isopropyl alcohol musanasindikize, mafuta a chala chimodzi amakwanira kudula njira.

Simunanene mtundu wa pulinta, ndiye ndingokuchenjezani. Mutu wa pulinta, mbali imene imatulutsa inki, uli wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wotenthetsa inki, umene Canon ndi HP anaupanga payekhapayekha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo HP inautulutsa mu ThinkJet mu 1984. Kuseri kwa kabowo kalikonse kuli kachitsulo kopyapyala, kawirikawiri ka tantalum wosakaniza ndi aluminiyamu, kokutidwa ndi silicon nitride, silicon carbide ndi tantalum pamwamba. Kamatentha kufika madigiri pafupifupi 300 m'ma microsecond ochepa (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni imodzi), inki imapanga thovu, thovulo limakankha dontho. Mwaona kale vuto: kutentha kumeneko n'kumene kumamatitsa siliva, ndiye akhoza kumatirira pakachitsulo pomwepo. Mutu wina ndi wa piezo, wonga wa Epson, umene umafinya inki popanda moto, ndipo ndi umene ndingakulangizeni. Tsukani inki yakale yonse, chifukwa ikakumana ndi ya siliva timibulu timaundana. Sefani inki yatsopano ndi sefa ya 0.45 micrometer, ndipo musaikhutchumule mwamphamvu. Thovu limodzi m'mutu wa piezo limameza mphamvu yonse, kabowo n'kungokhala chete.

Tsopano polumikizira, pamene ndikuona kuti mpofunika kwambiri. Zitsulo ziwiri zikakhudzana sizikhudzana ponseponse. Ngakhale zioneke zosalala, zimagundana patinsonga tochepa, ndipo magetsi onse amapanikizana kudutsa pamenepo. Ragnar Holm, amene anafufuza kwambiri nkhaniyi, anaonetsa kuti kupanikizanako pakokha kumabweretsa resistance. Choncho polumikizira pabwino pamafunika mphamvu yokanikiza, chitsulo chosachita dzimbiri, ndi kulimba koti kukhulana kusachiperese. Siliva wanu ali ndi theka la micrometer, ndi wofewa, ali ndi timipata, ndiponso amada akakumana ndi sulfure wa mumpweya. Pini yolimba ikam'khula kasanu, watha.

Tengani katiriji ya mutu wotenthetsa muione kumbuyo. Timadontho tagolide tili pakansalu ka polyimide tija ndi yankho la akatswiri pavuto lanu lomweli. Polumikizira potere nthawi zambiri pamakhala miyalo itatu: kopa pansi wonyamula magetsi, nickel pakati, golide pamwamba. Nickel amalimbitsa pansi komanso amatchinga kopa kuti asalowerere m'golide n'kukachita dzimbiri pamwamba. Pamabolodi okutidwa ndi nickel ndi golide mwa njira yotchedwa ENIG, nickel amakhala ma micrometer 3 mpaka 6, golide 0.05 mpaka 0.1 basi, wongokwanira kuwotcherera kapena kulumikiza mwa apo ndi apo. Pamene pamakhulidwa kawirikawiri amaikapo golide wolimbitsidwa ndi cobalt pang'ono, wokhuthala pafupifupi 0.76 micrometer. Pagalasi kapena pa silicon nkhani imasinthanso, chifukwa golide samata pamenepo, amasupuka ndi tepi. Amayamba ayala titanium kapena chromium wa ma nanometer 5 mpaka 10, kenako golide, zonsezi m'chipinda chopopedwa mpweya ndiponso osatsegula pakati, chifukwa titanium akangolawa mpweya amachita dzimbiri ndipo golide samugwiranso. Mawonekedwe amawadula ndi photoresist, mankhwala opaka amene amasintha ndi kuwala: amajambula, amayala chitsulo paliponse, n'kusungunula photoresist ndi acetone kuti chitsulo chosafunika chinyamuke nayo.

Zimenezo pulinta yanu singachite, ndipo musadzivute nazo. Chimene mungachite ndi chimene opanga makiyibodi a pulasitiki amachita: pakani inki ya carbon pamwamba pa siliva wa polumikizira. Resistance imakwerako pang'ono, koma carbon sada ndipo amapirira kukhulidwa. Ngati mukufuna kumachotsa ndi kubwezera, gwiritsani ntchito cholumikizira cha ZIF, chimene chimapana popanda kukhula, ndipo matani kapulasitiki kolimbitsa kuseri kuti mufike pa 0.3 milimita imene zambiri zimafuna. Ngati waya ndi wokhalitsa, mumateni ndi epoxy ya siliva, guluu wodutsa magetsi, kenako mumange wayayo ndi guluu chapatali pang'ono kuti akakokedwa asasupule njira. Kuwotcherera ndi solder wamba, chitsulo chosungunula polumikiza mawaya, ndikukuletsani: solder wosungunuka amadya siliva wopyapyala m'kanthawi kochepa, ndipo PET imakhala itafota kale. Pa polyimide mungayese solder wa tin ndi bismuth, wosungunuka pa madigiri 138, mwachangu.

Chinanso chimene simunafunse koma chikubwera. Njira ziwiri za siliva zoyandikana, imodzi ya + ina ya -, pakakhala chinyezi, siliva amasungunuka m'chinyezicho kumbali ya +, n'kuyenda, n'kumera ngati timizu kuchokera kumbali ya - mpaka njira ziwirizo zitagundana. Dera la magetsi limene linkagwira bwino limadzangofa patapita milungu. Siyani mpata wokwanira pakati pa njira zotere, ndipo mukamaliza kuyeza zonse, zikuteni ndi vanishi wa acrylic wopangira mabolodi, mutaphimba polumikizira ndi tepi kuti vanishiyo asafikepo.