Pepala la chigamulo likasiyana ndi mawu a woweruza

Mayi, mwalemba kuti mchimwene wanu anaweruzidwa ku Texas pa mlandu wolowanso mu America popanda chilolezo atathamangitsidwamo kale, ndipo woweruza anatchula gawo 1326(b)(1) la lamulo lokhudza mlanduwu, koma pepala la chigamulo linatuluka ndi 1326(b)(2). Mukufunsa ngati nambala imodziyo ndi yoyenera kuivutikira, popeza miyezi ya kundende sinasinthe.

Ivutikireni ndithu. Gawo (b)(1) limakhudza munthu amene anathamangitsidwa atapezeka wolakwa pa mlandu waukulu, ndipo chilango chake sichipitirira zaka 10, pamene (b)(2) ndi la amene anathamangitsidwa atapezeka wolakwa pa milandu yoopsa kwambiri imene lamulo limaitcha aggravated felony, chilango chake n'kufika zaka 20. Choopsa kwenikweni chili kutsogolo, chifukwa akuluakulu oona za anthu olowa m'dziko, ngakhalenso woweruza wina aliyense amene angadzakumane naye, adzawerenga pepalalo, osati zimene zinanenedwa m'khoti tsiku lija, ndipo dzina la aggravated felony limatsekera munthu pafupifupi njira zonse zobwerera mwalamulo.

M'makhoti a boma la America, pepala likatsutsana ndi zimene woweruza ananena pakamwa, mawu apakamwawo ndiwo amatsatidwa. Rule 36 ya malamulo oyendetsera milandu yaupandu imalola khoti kukonza cholakwika cha mlembi nthawi ina iliyonse, ngakhale patapita zaka. Loya amene anamuimira aitanitse zolemba za mawu onse amene ananenedwa pogamula, kenaka alembe pempho kwa woweruza yemweyo, losonyeza tsamba ndi mzere pamene (b)(1) inatchulidwa. Woimira boma amadziwitsidwa, ndipo zolembazo zikakhala zomveka bwino, kawirikawiri satsutsa.

Koma chenjerani apa, pakuti ambiri amaphonya. Zikapezeka kuti woweruza mwiniyo ndiye ananena (b)(2), kulakwako si kwa mlembi ndipo Rule 36 siigwira ntchito. Zikatero patsala Rule 35(a), imene imapatsa woweruza masiku 14 okha kuchokera tsiku limene anagamula kuti akonze cholakwika choonekeratu, kapena apilo ku khoti la Fifth Circuit ku New Orleans, limene limamva maapilo ochokera ku Texas, ndipo chidziwitso cha apiloyo chimaperekedwanso m'masiku 14 chigamulo chitalembedwa m'kaundula wa khoti. N'chifukwa chake ine ndikanayamba ndi kuitanitsa zolembazo sabata ino, osadikira.

Chigamulo chokonzedwa chikatuluka, loya atsimikize kuti chafika kwa akuluakulu a ndende, ndipo inu musunge kope lake lokhala ndi chidindo cha khoti.